Donald Kachamba, Mnyamata wa Chitoliro

Munthu akakwera pamwamba pa phiri la Chiradzulu tsiku lopanda nkhungu amaona dziko lalikulu ndithu. Kumbali ya ku Blantyre amaona mapiri a Ndirande ndi Soche, ndiponso malata a nyumba za ku Limbe akunyezimira ndi dzuwa. Akaponya maso kumadzulo, kupitirira msewu wa ku Zomba umene umadzera pa Njuli, amaona dera la ku Chileka kumene kumatera ndege. Pafupi ndi bwalo la ndegelo pali mudzi wina wotchedwa Singano. Mudziwu ndi wonga midzi ina yonse: anthu ake amalima chimanga ndi nandolo, amaweta mbuzi ndi nkhuku. Komabe dzina lake linalembedwa m'mabuku a ku Ulaya ndi ku America chifukwa cha anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba. Wamkulu anali katswiri wa gitala, ndipo wamng'ono anali katswiri wa chitoliro. Nyimbo zimene ankaimba zinali za kwela, ndipo nyimbozi ndi mphukira ya nyimbo zina zotchedwa jazi.

Kodi jazi n'chiyani?

Jazi ndi mtundu wa nyimbo umene unayambira ku America, makamaka mu mzinda wa New Orleans, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Amene anayambitsa nyimbozi anali anthu akuda, zidzukulu za anthu amene anagwidwa ukapolo kuno ku Africa. Iwo anatenga malipenga ndi zoimbira zina za Azungu, koma kaimbidwe kake anatsata ka makolo awo.

Chimene chimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina ndi ichi: woimba satsata nyimbo monga inapekedwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza ayi. Amayamba ndi nyimbo imene anthu onse akuidziwa, kenaka amapatukapo pang'ono nayamba kupeka zakezake pomwepo, anzake akumugwirira mayendedwe a nyimboyo kuti asasokere. Akatha amabwereranso pamene anayambira paja. Motero nyimbo imodzimodziyo ikaimbidwa lero siifanana ndi m'mene idzaimbidwire mawa. Zimenezi si zachilendo kwa mwana amene anaonererapo gule kumudzi kwao. Pa gule ng'oma zing'onozing'ono zimagunda chimodzimodzi osasintha, koma mwini ng'oma yaikulu amasinthasintha kagundidwe kake potsata mapazi a wovina.

Oimba jazi amagwiritsa ntchito zoimbira zamitundumitundu, ndipo chimodzi mwa izo ndi limba. Ambiri amadziwa limba ngati choimbira cha m'tchalitchi. M'chaka cha 1935 munthu wina wa ku America, dzina lake Laurens Hammond, anayamba kugulitsa limba loyendera magetsi. Poyamba ambiri ogula anali a matchalitchi. Koma m'zaka za m'ma 1950 mnyamata wina wotchedwa Jimmy Smith anadabwitsa anthu poimba jazi pa limba lomwelo. Dzanja lake lamanja linkathamanga ndi nyimbo, pamene lamanzere ndi mapazi zinkatulutsa mau aakulu a besi, kotero kuti munthu m'modzi ankamveka ngati gulu lathunthu.

Ku South Africa nako limba linali litayamba kale kuimba nyimbo zovina. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, m'makomboni a mzinda wa Johannesburg, kumene makolo athu ankati ku Joni, munabuka nyimbo zotchedwa marabi. Nyimbozi ankaziimba m'nyumba zogulitsiramo mowa, pa piyano kapena pa limba lopopa ndi mapazi, wina akugwedeza chitini cha timiyala. Koma limba ndi chinthu cha ndalama zambiri, ndiponso n'cholemera. Sungalinyamule kupita nalo pamsika. Ana a m'makomboni ankamva marabi, ankamvanso jazi wa ku America pa galamafoni ndi m'nyumba zoonetsera kanema, mitima yao n'kumalakalaka kuimba. Ndalama zogulira limba kapena lipenga analibe. Chimene akanatha kugula chinali kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo, kamene m'masitolo ankagulitsa ngati choseweretsa cha ana.

Ndi kachitoliro kameneka ana aja anayamba kutsanzira zimene akuluakulu ankaimba pa malimba ndi pa malipenga. Ankaima m'mbali mwa misewu, wina ndi gitala, ena ndi zitoliro, anthu odutsa n'kumawaponyera makobiri. Pofika m'zaka za m'ma 1950 nyimbo zao zinali zitapatsidwa dzina lakuti kwela. Mauwa ndi a Chizulu, ndipo tanthauzo lake ndi lofanana ndi mau athu akuti “kwera”. Galimoto za apolisi zimene zinkagwira anthu m'makomboni nazonso ankazitcha kwela-kwela. Akatswiri a kwela monga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso anatchuka kwambiri. Lemmy anakaimba ku London m'chaka cha 1961 akadali mwana, ndipo nyimbo ina ya kwela yotchedwa Tom Hark inagulidwa kwambiri ku Britain m'chaka cha 1958.

Ku Halale

Masiku amenewo amuna ambiri a ku Nyasaland, monga dziko lino linkatchedwera, ankapita kukagwira ntchito m'maiko a kum'mwera. Ena ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku minda ya fodya ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Pobwerera kumudzi ankatenga njinga, mabulangete, masuti ndi magalamafoni pamodzi ndi mbale zake. Ena sanabwererenso, ndipo amenewa ndiwo ankatchedwa machona.

Bambo James Kachamba anali m'modzi mwa anthu amene anapita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo kuno anthu ankangoti ku Halale. Iwo sanachone, ndiponso anatenga banja lao. Mwana wao Daniel anali atabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947, ndipo Donald anabadwa patapita zaka zingapo, m'zaka za m'ma 1950. Bambowo ankadziwa kuimba gitala, choncho anawo anakula akumva nyimbo m'nyumba. Kunja nako, m'misewu ya mu Salisbury, nyimbo za kwela zinali ponseponse, pakuti mbale za galamafoni zochokera ku Johannesburg zinkafika kumeneko msanga. Daniel anagwira gitala. Donald, akadali kamwana, anagwira chitoliro.

Panalibe sukulu yophunzitsa kwela, ndipo panalibe buku. Mwana wofuna kudziwa ankatchera khutu ku galamafoni kapena kwa anyamata okulirapo, n'kukayesa payekha, kulakwitsa, kuyesanso, mpaka zala zitazolowera. Umo ndi m'mene abale awiriwa anaphunzirira. Pamene banjali linabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, katundu wamtengo wapatali koposa amene anabwera naye sanali wa m'sutukesi, koma nyimbo zimene anawo anasunga m'mutu.

M'mene chitoliro chimalirira

Chitoliro cha kwela ndi kampope kachitsulo, ndipo kutalika kwake sikusiyana kwenikweni ndi rula ya kusukulu. Chili ndi zibowo zisanu ndi chimodzi zoikapo zala, zitatu za dzanja lamanzere ndi zitatu za dzanja lamanja. Kumtunda, pafupi ndi poika pakamwa, pali kazenera kakang'ono kokhala ndi mlomo wakuthwa. Woimba akauzira, mpweya umakagunda mlomo wakuthwawo n'kugawika, ndipo mpweya umene uli m'kati mwa mpope umayamba kunjenjemera. Kunjenjemera kumeneko ndiko kumene makutu athu amamva ngati kulira kwa chitoliro.

Woimba akatseka zibowo zonse, mpweya umanjenjemera mu mpope wonse, ndipo mau amatuluka aakulu. Akayamba kutsegula zibowo kuchokera kumunsi, zimakhala ngati mpope uja ukufupika, ndipo mau amanka nakwera. Akauzira mwamphamvu, mau amalumpha n'kukwera kwambiri ngakhale zala zili pomwepo. Limba la mipope la m'matchalitchi aakulu limaliranso mwa njira yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti limba lili ndi mipope yambirimbiri, uliwonse ndi liu lake limodzi, pamene chitoliro chili ndi mpope umodzi wokha umene uyenera kutulutsa mau onse. Tingathe kunena kuti limba lotere ndi zitoliro zambiri zoikidwa m'bokosi limodzi.

Tsono luso la anyamata a kwela linagona apa. Amene anapanga chitolirochi anafuna kuti munthu azingochigunditsa kumilomo, chitaloza kutsogolo. Chikaimbidwa chotero chimalira mopyapyala ngati kambalame. Anyamata a kwela sanakhutire nazo. Iwo ankachilowetsa m'kamwa ndithu, chitapendekera kutsaya, kotero kuti milomo inkafika pa kazenera kaja n'kukaphimba pang'ono. Akatero mau ankatuluka okhuthala ndi amphamvu, omveka patali ngakhale pamsika pali phokoso. Ndiponso posuntha milomo ndi kutsegula chibowo mwatheka, woimba ankatha kupinda liu, kulitsitsa kapena kulikweza pang'onopang'ono ngati munthu amene akudandaula. Donald anaidziwa bwino njira imeneyi. Chitoliro chake chinkaseka, chinkalira, nthawi zina n'kumachita ngati chikuyankha mau a mkulu wake.

Panalinso choimbira china chimene anyamatawa ankapanga okha, ndicho besi wa chingwe chimodzi, amene ena amamutcha babatoni. Ankatenga bokosi lalikulu lamatabwa, monga mabokosi aja onyamulira tiyi, n'kumangirira chingwe cholimba pakati pake. Nsonga ina ya chingwecho ankaimangirira kumtunda kwa ndodo yoimika pa bokosilo. Woimba akakoka ndodo chingwe chimakungika ndipo liu limakwera. Akaibweza chingwe chimakhwefuka ndipo liu limatsika. Bokosi lija ntchito yake ndi kukuza mau. Pamodzi ndi maseche, zoimbira za gulu lonse zinali zomwezi: gitala, chitoliro, besi ndi maseche. Gitala ndi besi zinkabwereza kachigawo kakafupi ka nyimbo kosalekeza, monga zimachitira ng'oma zing'onozing'ono zija, ndipo pamwamba pake chitoliro chinkayenda m'mene chafunira.

Mlendo wochokera ku Vienna

Atakhazikika kwa Singano, Daniel anasonkhanitsa anyamata anzake napanga gulu loimba. Ankayenda m'misewu ya mu Blantyre, m'misika ndi m'malo ena osonkhana anthu. Malipiro ao anali makobiri, matiki ndi masheleni amene omvera ankaponya, pakuti ndalama za kwacha ndi tambala zinadzayamba m'chaka cha 1971. Sinali ntchito yolemekezeka. Masiku amenewo makolo ambiri akaona mnyamata atakolekera gitala paphewa ankati ameneyo ndi woyendayenda, wothawa khasu. Ena mwa iwo ankanena zoona, pakuti analipo anyamata amene gitala inawafikitsa ku mowa n'kuwasiya komweko. Koma ankalakwa poyesa kuti kuimba si ntchito. Kuti chala chigwe pa chibowo choyenera pa nthawi yoyenera, pamafunika kuyeserera masiku ambiri, monga momwe m'misiri wa matabwa amavutikira asanadziwe kupala thabwa.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1967 ku Malawi kunafika mlendo wina wochokera mu mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, dzina lao a Gerhard Kubik. Ntchito yao inali yofufuza nyimbo za anthu a mu Africa, ndipo anali atayamba kuyenda m'maiko a kuno m'chaka cha 1959. Pa ulendowu anali ndi mnzao, a Maurice Djenda a ku Central African Republic. Alendowa anakumana ndi gulu la ana a Kachamba mu Blantyre, Donald asanakwanitse n'komwe zaka 15.

A Kubik sanali munthu wongomva nyimbo ndi makutu achilendo. Pa unyamata wao iwonso ankaimba jazi kwao ku Vienna pa choimbira chouzira chotchedwa clarinet. Choncho atamva chitoliro cha Donald anazindikira msanga kuti zimene mwanayo ankachita zinali zomwe akatswiri a jazi amachita: kutenga nyimbo, kuipinda, kuikongoletsa, n'kuibweza pamalo pake osaphonya. Anawatsatira anyamatawo mpaka kumudzi kwao, najambula nyimbo zao pa makina ojambulira mau, najambulanso kanema. Pambuyo pake analemba buku lonena za gululi, limene linatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1974. Chifukwa cha kanema ameneyo, mpaka lero anthu akhoza kuona m'mene Donald ankagwirira chitoliro ali mwana.

Panali chifukwa china chimene chinachititsa kuti nkhaniyi ikhale yaikulu. Kwao kwa kwela, ku Johannesburg, nyimbozi zinali zitayamba kuzilala. Spokes Mashiyane mwini wake anali atayamba kuimba lipenga lotchedwa saxophone, magitala amagetsi anali atafika, ndipo makampani ojambula nyimbo sankafunanso zitoliro. Nyimbo zatsopano monga simanje-manje zinalowa m'malo. Ana a Kachamba ankazidziwa nyimbo zatsopanozi ndipo ankaziimba, koma chitoliro sanachitaye. Anapitiriza kupeka nyimbo zao, zambiri m'Chichewa, m'mavinidwe monga sinjonjo ndi lumba. Motero mbeu imene inali kufota kumene inamera inadzakula bwino m'munda wa kwa Singano.

Maulendo a kutali

Kuyambira m'chaka cha 1972 abale awiriwa anayamba kuitanidwa kukaimba kunja kwa dziko lino, kum'mawa kwa Africa ndi ku Ulaya. M'kupita kwa nthawi aliyense anatsata njira yake. Daniel ankakonda kuimba yekha ndi gitala, ndipo zala zake zinkagwira ntchito ya anthu angapo: chala chachikulu chinkaimba besi pamene chala cha mkombaphala chinkaimba nyimbo. Nyimbo zake, zodzaza ndi miyambi ndi nthabwala, zinkamveka kawirikawiri pa wailesi ya MBC, ndipo Amalawi ambiri ankamutcha Dokotala Daniel Kachamba. Iye anamwalira m'chaka cha 1987 ali ndi zaka pafupifupi 40.

Donald anapanga gulu lakelake. M'gululi munadzalowa mnyamata wina wa m'mudzi momwemo, Moya Aliya Malamusi, amene ankaimba besi wa chingwe chimodzi. A Kubik nawonso analowa m'gululi ndi clarinet yao. Apa zinthu zinatembenuka: munthu wophunzira kwambiri wa ku Ulaya, amene anabwera kudzafufuza, anasanduka wophunzira, ndipo mphunzitsi wake anali mnyamata wa ku Chileka. Gululi linayenda m'maiko ambiri a mu Africa, a ku Ulaya ndi a ku South America. Kumene ankapita sankangoimba chabe. Ankafotokozeranso anthu mbiri ya kwela ndi m'mene zoimbira zao zimagwirira ntchito.

Donald sanali wa chitoliro chokha ayi. Ankadziwanso gitala, besi ndi maseche, ndipo atazolowera makina ojambulira mau anayamba kuchita chinthu chodabwitsa. Ankayamba wajambula gitala yokha. Kenaka ankamvetsera gitala ija n'kujambulirapo besi, kenaka maseche, kenaka chitoliro choyamba, chachiwiri, nthawi zina ndi mau ake omwe. Womvera nyimbo yotero ankayesa kuti ndi gulu la anthu asanu, chikhalirecho ndi munthu m'modzi. Kuti zimenezi zitheke, woimba ayenera kuimva nyimbo yonse m'mutu mwake asanayambe, ndi kudziwa malo a choimbira chilichonse, monga momwe woimba limba amadziwira ntchito ya dzanja lililonse ndi phazi lililonse.

Anagwiranso ntchito yosunga nyimbo za anthu ena. Pamodzi ndi a Kubik, Moya Malamusi ndi mlongo wake wa Moya, Lidiya Malamusi, ankayenda m'midzi kujambula nyimbo za bangwe, za zeze, za pamtondo ndi nthano za agogo. Anthu anayiwa anathandizana kulemba buku lonena za nyimbo za ku Malawi, limene linasindikizidwa ndi Yunivesite ya Malawi ku Zomba m'chaka cha 1987. Patapita zaka ziwiri, m'chaka cha 1989, kwa Singano kunakhazikitsidwa malo ofufuzira ndi kusungira nthano, nyimbo ndi zipangizo za makolo, motsogozedwa ndi Moya Malamusi, amene pambuyo pake anaphunzira mpaka kukhala dokotala wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu.

Chodandaulitsa n'chakuti kuno kwao Donald sanadziwike monga ankadziwikira kunja. Ambiri akamva dzina la Kachamba amakumbuka Daniel yekha, chifukwa mau ake ndiwo ankamveka pa wailesi. Chitoliro sichitchula mau oti munthu n'kuwaloweza ndi kumawaimba polima kapena potunga madzi, choncho mwini wake amaiwalika msanga.

Magulu a jazi a kumidzi

Ana a Kachamba sanali okha. M'maboma a Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Blantyre munali magulu ambiri a anyamata oimba ndi zipangizo zopanga okha, ndipo ambiri ankadzitcha magulu a jazi, naonjezapo dzina la mtsinje kapena phiri la kwao. Banjo ankaipanga ndi chitini cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi, nsambo zake n'kukhala mawaya. Ku Thyolo kunali Alan Namoko, woimba wosaona, amene ankatsogolera gulu la Chimvu Jazz mpaka pamene anamwalira m'chaka cha 1995. Ku Chiradzulu kunachokera a Giddes Chalamanda, amene anabadwa m'chaka cha 1930 nayamba kuimba ali mwana. Iwo anakaimba ku America m'chaka cha 2016 ali ndi zaka 86, ndipo m'chaka cha 2020 anajambula nyimbo zao zakale pamodzi ndi woimba wachinyamata Patience Namadingo, nyimbozo n'kumveka m'maiko ambiri kudzera pa intaneti. Jazi wa magulu amenewa si wofanana ndendende ndi wa ku New Orleans. Dzinalo analibwereka, koma nyimbo zake n'zakonkuno.

Mphunzitsi ku Los Angeles

Chakumapeto kwa chaka cha 1999 Donald Kachamba anaitanidwa ku yunivesite yotchedwa UCLA mu mzinda wa Los Angeles, ku America, kuti akaphunzitse kwela. Ophunzira ake anali anyamata ndi atsikana odziwa kuwerenga nyimbo zolembedwa papepala. Iye sanawapatse pepala. Anawaphunzitsa monga anaphunzirira iye mwini ku Salisbury: kumvetsera, kuyang'ana zala za mphunzitsi, ndi kuyesa. Anawaonetsa kalowetsedwe ka chitoliro m'kamwa ndi kakokedwe ka ndodo ya besi. Pakutha pa maphunzirowo ophunzira aja anaimba naye pamodzi pamaso pa anthu, ndipo nyimbo zao zinajambulidwa. Nyimbo zimene zinachoka ku America n'kukafika ku Johannesburg, ku Salisbury ndi ku Chileka zinabwereranso ku America zitavala zovala zina.

Patangopita chaka chimodzi ndi miyezi yowerengeka, mu Januwale 2001, Donald anamwalira asanafike zaka 50. Panali mantha akuti chitoliro cha kwela chapita naye kumanda, pakuti oimba a mtundu umenewu anali atatsala ochepa kwambiri. Koma iye anali ataphunzitsa anyamata ena a m'mudzimo, ndipo m'modzi mwa iwo anali Sinosi Mlendo. Anyamatawa, pamodzi ndi Moya Malamusi ndi a Kubik, anapitiriza gulu lija nalipatsa dzina lakuti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band. M'zaka zotsatira gululi linakaimbanso ku Ulaya, litanyamula gitala, chitoliro, maseche ndi besi wa chingwe chimodzi.

Mau oti muwadziwe

Pezani mau awa m'nkhaniyi, ndipo mufotokoze tanthauzo lake monga agwiritsidwira ntchito: katswiri, mphukira, kupeka, limba, machona, kukungika, kukhwefuka, kuzilala, nsambo, chikhalirecho.

Mafunso

1. Kodi mudzi wa Singano uli kuti, nanga unatchuka chifukwa chiyani?
2. Fotokozani chimene chimasiyanitsa jazi ndi nyimbo zina. Kodi jazi amafanana bwanji ndi ng'oma za pa gule?
3. N'chifukwa chiyani ana a m'makomboni a ku Johannesburg anasankha chitoliro m'malo mwa limba?
4. Kodi chimachitika n'chiyani woimba akatseka zibowo zonse za chitoliro? Nanga akayamba kuzitsegula?
5. Kodi anyamata a kwela ankagwira chitoliro mosiyana bwanji ndi m'mene opanga ake anafunira? Anapindula chiyani potero?
6. A Gerhard Kubik anazindikira msanga luso la Donald. Chinawathandiza n'chiyani?
7. Kodi zinkatheka bwanji kuti Donald yekha amveke ngati gulu la anthu asanu?
8. M'nkhaniyi muli mau akuti “mbeu imene inali kufota kumene inamera inadzakula bwino m'munda wa kwa Singano”. Kodi mbeuyo ndi chiyani, nanga inamera kuti?
9. Makolo ena ankati woimba gitala ndi wothawa khasu. Kodi inu mukugwirizana nawo? Perekani zifukwa ziwiri.

Chiyankhulo

Lembani maina awa mochulukitsa, ndipo mupange chiganizo ndi dzina lililonse: chitoliro, limba, bokosi, chingwe, mpope, lipenga, gulu.

Zoti muchite

Dulani mapesi atatu a masamba a papaya, kapena timabango titatu, totalika mosiyanasiyana. Tsekani kumunsi ndi chala, ndipo muuzire pakamwa pake monga mumauzira pa botolo. Ndi liti limene likutulutsa mau aakulu, lalitali kapena lalifupi? Lembani zimene mwapeza.

Funsani agogo anu kapena munthu wina wachikulire wa m'mudzi mwanu ngati m'banja mwao munali wina amene anapita ku Joni kapena ku Halale. Anabwerako ndi chiyani? Nanga masiku amenewo ankavina nyimbo zotani? Mudzafotokozere anzanu m'kalasi.